Pulojekita ikakana kuonetsa nyimbo kapena vidiyo m'tchalitchi: zoyenera kuchita

Kwaya yakhala kale pamalo pake, otsogolera mapemphero aimirira, koma pakhoma pakungooneka mawu akuti No Signal. Tsiku lina nyimbo zikuoneka bwinobwino, koma vidiyo imene abusa anatumiza usiku ikungoonetsa mdima, mawu osamveka. Mpingo wonse umatembenukira kumbuyo kumene kwakhala wa pa laputopu. Ine ndakhalapo pa mpando umenewo, ndipo ndimamva chisoni ndikaona achinyamata odzipereka akudzudzulidwa pa zinthu zimene palibe anawaphunzitsa.

Nthawi zambiri pulogalamu yoonetsera nyimbo siikhala ndi vuto. Cholakwika chimakhala pa chingwe, pa Windows, kapena pa fayilo imene mwapatsidwa. N'chifukwa chake muyenera kufufuza mwandondomeko, chimodzi chikatha china, m'malo mothamangira kufufuta pulogalamu n'kuikanso. Malangizowa ndi a laputopu ya Windows 10 kapena 11, ndipo zitsanzo ndazitenga pa mapulogalamu oonetsera nyimbo a OpenLP ndi EasyWorship. Amene muli ndi ProPresenter kapena VideoPsalm, zambiri zikuthandizaninso.

Zimene mukhale nazo musanayambe

- Laputopu, chaja chake, ndi pasiwedi ya akaunti ya administrator.
- Chingwe chachifupi cha HDMI, cha mamita awiri kapena atatu, chimene mukudziwa kuti chimagwira ntchito. Ichi ndi choyesera, chisamangidwe kukhoma.
- Adaputa yochoka ku HDMI kupita ku VGA, ngati pulojekita yanu ndi yakale.
- Chingwe cha mawu chochoka pa laputopu kupita ku mikisa, ndi mahedifoni.
- Fulashi yopanda kanthu.
- Bandulo ya intaneti yokwanira kutsitsa mapulogalamu atatu: yoonetsera nyimboyo, VLC yosewerera mavidiyo, ndi HandBrake yosinthira mtundu wa vidiyo.
- UPS, chipangizo cha batire chimene chimapitiriza kupereka magetsi akathima, ngati mpingo ungakwanitse.
- Maola awiri m'kati mwa sabata, m'tchalitchi momwemo, ndi pulojekita yomweyo. Kuyesera kunyumba sikukwanira.

Gawo loyamba: pulogalamu ikukana kulowa

1. Dziwani mtundu wa Windows yanu. Pitani ku Settings, System, kenako About, muwerenge pamene palembedwa System type. Pakhala 64-bit kapena 32-bit. Lembani papepala, chifukwa pulogalamu ya 64-bit singalowe mu Windows ya 32-bit. Windows 11 yonse ndi ya 64-bit, koma malaputopu akale a Windows 10 alipo ena a 32-bit.

2. Yang'anani tsiku ndi nthawi pakona ya sikirini. Malaputopu ambiri ogula kale atagwiritsidwapo ntchito amakhala ndi kabatire kam'kati kosunga nthawi kakutha mphamvu, ndiye nthawi imabwerera zaka zam'mbuyo. Tsiku likalakwika, masamba a intaneti amakana kutseguka ndipo laisensi ya pulogalamu imakana kutsimikizika. Konzani tsikulo. Likamabwererabe laputopu ikazimitsidwa, kaperekeni kwa okonza akasinthe kabatireko.

3. Tsitsani pulogalamu kwa eni ake: openlp.org, easyworship.com, videolan.org ya VLC, ndi handbrake.fr. Fayilo ikatha kutsika, onani ngati kukula kwake kukufanana ndi kumene kwalembedwa pa tsambalo. Netiweki ikadukira pakati, fayilo imatsala yoperewera, ndipo poiika imangopereka uthenga wa vuto.

Chenjezo: pewani mapulogalamu othyoledwa amene amayenda pa mafulashi. Ambiri amabwera ndi mavairasi, amafuna kuti muzimitse antivirus, ndipo akavuta palibe woti n'kumufunsa. Komanso sizikhala bwino kuti nyumba yopemphereramo izigwiritsa ntchito katundu wakuba pomwe njira yaulere ilipo. OpenLP ndi yaulere kotheratu, mwalamulo. EasyWorship ndi ProPresenter ndi zolipira. Ngati mpingo ukuzifuna, nkhaniyi ipite ku komiti ya zachuma.

4. Dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Run as administrator. Pakatuluka bokosi la buluu lakuti Windows protected your PC, dinani More info kenako Run anyway. Chitani zimenezi pokhapokha ngati fayiloyo mwaitenga nokha kwa eni ake.

5. Ngati ndi OpenLP 3, ikaninso VLC. Apa ndi pamene ambiri amagwera. OpenLP 3 imadalira VLC posewera mavidiyo ndi nyimbo zojambulidwa, ndipo ziwirizi ziyenera kufanana: OpenLP ya 64-bit ndi VLC ya 64-bit, ya 32-bit ndi inzake ya 32-bit. Zikasiyana, VLC payokha imasewera vidiyo bwinobwino, koma OpenLP imachita ngati VLC mulibe. Kuti mudziwe imene muli nayo, tsegulani diski C. VLC ikapezeka mu foda ya Program Files (x86) pa Windows ya 64-bit, ndiye kuti ndi ya 32-bit. Ichotseni, muike yoyenera, muzimitse laputopu n'kuyatsanso.

6. Potsegula OpenLP koyamba, imafuna kutsitsa nyimbo, Mabaibulo ndi zithunzi zakumbuyo pa intaneti. Ngati netiweki ndi yofooka ndipo ikungoima, musasankhe chilichonse chotsitsa. Pitirirani mpaka kumapeto. Zimenezi mutha kuziwonjezera tsiku lina.

Mawu pang'ono kwa amene mudakali ndi EasyWorship 2009, poti mipingo ina ikuigwiritsabe ntchito. Inapangidwa Windows 10 isanabwere, ndipo eni ake anasiya kuikonza. Pa Windows 10 imafuna kuti muike Build 1.9 kaye, kenako chigamba cha Build 2.4, popanda chigambacho imakonda kuuma mukamalemba kapena kusunga nyimbo. Mavidiyo amakono siiwadziwa yokha, imadalira ma codec, timapulogalamu towerengera mavidiyo, oikidwa padera. Langizo langa ndi lakuti musamuke. OpenLP imatha kuwerenga nyimbo za mu EasyWorship 2009 kudzera ku File, Import, Song, choncho ntchito imene munagwira yolemba nyimbo mazanamazana siitayika.

Gawo lachiwiri: pakhoma sipakuoneka kanthu

Pano pulogalamu ya nyimbo ikhale yotseka. Windows iyambe yaiona pulojekita, pulogalamu ibwere pambuyo.

7. Lumikizani chingwe, yatsani pulojekita, mudikire ithe kuyaka. Pa rimoti dinani Source kapena Input, musankhe khomo lenileni limene mwalowetsa chingwe. Mapulojekita ambiri ali ndi HDMI 1 ndi HDMI 2, ndipo VGA amailemba kuti Computer kapena PC.

8. Kanikizani batani la Windows pamodzi ndi P. Patuluka zosankha zinayi: PC screen only, Duplicate, Extend, Second screen only. Sankhani Extend. Duplicate imaonetsa mpingo zonse zimene mukuchita pa laputopu, ndipo pulogalamu imaona ngati sikirini ndi imodzi yokha. Extend ikagwira, pakhoma paoneka chithunzi chakumbuyo cha Windows chopanda ma icon, ndipo mausi mukaikankhira kumbali imatulukira kukhomako.

9. Ngati palibe chachitika, nyamulani laputopu mupite nayo pafupi ndi pulojekita, mulumikize ndi chingwe chachifupi chija. Chithunzi chikabwera, ndiye kuti cholakwa ndi chingwe chachitali. Chingwe wamba cha HDMI chikapitirira mamita 15 chimayamba kuvuta: chithunzi chimathwanima, chimasowa kwa kamphindi, kapena osabwera n'komwe. M'tchalitchi chachikulu gulani HDMI extender, kachipangizo kotumiza chithunzi patali kudzera pa chingwe cha netiweki cha Cat6, kapena chingwe cha HDMI cha faiba.

Chenjezo: adaputa ya HDMI ndi VGA imayenda mbali imodzi. Yochoka ku HDMI kupita ku VGA singagwire ntchito mobwerera. Chimodzimodzi chingwe cha HDMI cha faiba: mutu wolembedwa Source upite ku laputopu, wolembedwa Display upite ku pulojekita.

10. Chingwe chachifupi chikalepheranso, onani dalaiva wa zithunzi, kapulogalamu kamene Windows imayendetsera sikirini. Dinani batani la Start ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Device Manager, mutsegule Display adapters. Mukapeza palembedwa Microsoft Basic Display Adapter, vuto ndi limenelo. Zimachitika kawirikawiri laputopu ikangochokera kwa okonza amene aikamo Windows yatsopano osaika madalaiva. Dalaiva ameneyu sayendetsa sikirini yachiwiri, ndipo mavidiyo amayenda modukaduka. Lumikizani intaneti muyendetse Windows Update, kapena tsitsani dalaiva pa tsamba la amene anapanga laputopuyo, kaya ndi HP, Dell kapena Lenovo. Zikatheka, dzinalo lisintha n'kukhala Intel, AMD kapena NVIDIA.

11. Tsopano tsegulani pulogalamu muiuze sikirini yoonetsera. Mu OpenLP 3 pitani ku Settings, Configure OpenLP, Screens, musankhe sikirini yachiwiri kuti ikhale yoonetsera. Mu EasyWorship 6 ndi 7 pitani ku Edit, Options, Main Output, musankhe pa Output Monitor. Mawu a nyimbo akaphimba sikirini ya laputopu yanu m'malo mopita kukhoma, ndiye kuti pulogalamu munaitsegula pulojekita isanalumikizidwe. Itsekeni, muitsegulenso.

12. Mawu akamaduka m'mbali kapena nkhope za anthu zikamaoneka zophwatalala, konzani resolution, kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi. Ku Display settings dinani sikirini nambala 2, musankhe nambala imene palembedwa Recommended. Mapulojekita akale ambiri ndi a 1024 x 768, ena 1280 x 800, atsopano 1920 x 1080. Kukakamiza pulojekita yakale pa nambala yaikulu kumangochititsa kuti zilembo zizioneka zosalongosoka.

Gawo lachitatu: vidiyo ikukana kapena ikudukaduka

Apa ndikhalitsapo, chifukwa mavidiyo ndi amene amachititsa manyazi kwambiri. Tsiku lina la zokolola tinalandira vidiyo ya moni kuchokera kwa akhristu athu okhala kunja. Pa foni inkasewera bwino kwambiri. Pa laputopu ya mpingo mawu ankamveka, koma chithunzi chinangoima pa nkhope ya mayi mmodzi atatsegula pakamwa, mpaka tinaizimitsa. Fayiloyo inali yabwinobwino. Laputopu ndi imene inalibe mphamvu yowerenga mtundu umenewo wa vidiyo.

13. Koperani vidiyoyo mu laputopu. Pangani foda imodzi, mwachitsanzo Mavidiyo a Mpingo, muziika zonse mmenemo. Musasewere vidiyo ili pa fulashi kapena pa foni yolumikizidwa ndi chingwe. Mapulogalamu ena satenga fayilo yeniyeniyo, amangokumbukira pamene ili. Mwini fulashi akabwera kudzaitenga, kapena mukasintha dzina la foda, pa ndandanda dzina la vidiyo limakhalapobe koma kuseri kwake kulibe kanthu.

14. Tsegulani vidiyoyo mu VLC payokha. Ikakana ngakhale mmenemo, kawirikawiri fayiloyo sinathe kutsika kapena kukopedwa, pemphani ina. Ikasewera, kanikizani Ctrl ndi J, muwerenge pa Codec, pamene palembedwa mtundu wa vidiyoyo. Mukaona H264, zili bwino. Mukaona HEVC kapena H265, samalani.

Ambiri amaganiza kuti fayilo iliyonse yothera ndi .mp4 ndi yofanana. MP4 ili ngati thumba chabe, ndipo zam'kati zimasiyana. Ma iPhone akhala akujambula mu HEVC kuyambira 2017, ndipo mafoni ambiri atsopano a Android amateronso. HEVC imachepetsa kukula kwa fayilo, koma kuiwerenga ndi ntchito yolemera. Maprosesa a Intel anayamba kuiwerenga mosavutika kuyambira m'badwo wa 6. Core i3 kapena i5 ya m'badwo wa 3 kapena 4 imatopa nayo, makamaka vidiyo ikakhala ya 4K.

15. Vidiyo ya HEVC isintheni ikhale ya H264 pogwiritsa ntchito HandBrake. Tsegulani fayiloyo, pa Preset musankhe Fast 720p30, pa Format pakhale MP4. Pitani pa tsamba la Video muchonge Constant Framerate; izi zimathandiza kuti milomo ndi mawu ziziyendera limodzi, poti mafoni amasinthasintha liwiro pojambula. Sankhani posungira, mudine Start Encode. Kwa pulojekita ya 1024 x 768 kapena 1280 x 800, 720p ndi yokwanira ndithu. Fast 1080p30 isankheni ngati muli ndi TV yaikulu ndi laputopu yamphamvu.

Chenjezo: HandBrake ya Windows imafuna .NET Desktop Runtime ya Microsoft. Ikakuuzani kuti palibe, itsitseni. Musaganize kuti HandBrake yawonongeka. Dziwaninso kuti pa laputopu yakale kusintha vidiyo kumatenga nthawi, nthawi zina kuposa kutalika kwa vidiyoyo. Si ntchito yoyamba belu litalira.

16. Vidiyo ya H264 ikamadukabe, lumikizani chaja, chifukwa laputopu ikakhala pa batire imadzichepetsera mphamvu. Tsekani Chrome, WhatsApp ndi zina zonse zotseguka. Onetsetsani kuti laputopu sinakhale pa nsalu ya patebulo yotseka mabowo opumira; mwezi wa Okutobala m'tchalitchi cha malata imatentha msanga, ndipo ikatentha imayenda pang'onopang'ono. Zithunzi zoyenda za kumbuyo kwa mawu a nyimbo zichotseni. Chakumbuyo chakuda ndi zilembo zoyera chimawerengeka bwino masana, ndipo agogo okhala kumbuyo adzakuthokozani.

Amene amajambula ndi iPhone muwapemphe apite ku Settings, Camera, Formats, asankhe Most Compatible. Ajambulenso foni itagona cham'mbali kuti chithunzi chidzaze khoma.

Gawo lachinayi: chithunzi chilipo, mawu palibe

17. HDMI imanyamula chithunzi ndi mawu omwe, pomwe VGA imanyamula chithunzi chokha. Mukangolumikiza HDMI, Windows imakonda kutumiza mawu ku pulojekita, ndiye ku mikisa sikufika kanthu. Dinani kachizindikiro ka sipika pakona, musankhe Speakers kapena Headphones m'malo mwa dzina la pulojekita. Kenako tsekani pulogalamu ya nyimbo muitsegulenso.

18. Ikani mahedifoni pa laputopu. Mawu akamveka, laputopu ilibe mlandu. Fufuzani chingwe ndi tchanelo cha pa mikisa, ngati sichili pa Mute komanso ngati chakwezedwa. Akapanda kumveka, tsegulani Volume mixer mu Windows, chifukwa pulogalamu iliyonse ili ndi voliyumu yakeyake.

19. Masipika akamang'ung'udza laputopu ikalumikizidwa, zulani chaja. Phokoso likasiya, gulani DI box yokhala ndi batani la Ground lift, kapena ground loop isolator, tizipangizo toika pakati pa laputopu ndi mikisa.

Chenjezo: musadule phini la earth pa pulagi pofuna kuthetsa phokoso, phini limenelo limateteza moyo wa munthu. Musalumikizenso laputopu mwachindunji pa khomo la XLR, lolowetsera maikolofoni, pamene batani la magetsi la 48V layatsidwa pa mikisa, mungawotche mbali ya mawu ya laputopu. Gwiritsani ntchito khomo la Line.

Gawo lachisanu: zilembo zachilendo ndi PowerPoint

20. Mukaona mawu ngati m’mwamba atasanduka mâ€™mwamba, kapena ŵ atasanduka Åµ, vuto ndi kasungidwe ka fayilo. Chichewa chimagwiritsa ntchito kwambiri kachizindikiro ka mu ng' ndi m', choncho ife izi zimatipeza kuposa olemba Chingerezi. Zimachitika fayilo yosungidwa m'njira ya masiku ano yotchedwa UTF-8 ikawerengedwa ngati ya mtundu wakale wa Windows. Tsegulani fayilo yoyambirira mu Notepad, muone kuti mawu ali bwino, muwakopere kuchokera mmenemo n'kuwaika mu pulogalamu. Posunga fayilo ya nyimbo mu Notepad, pa Encoding pazikhala UTF-8. Ngati pamalo pa ŵ pakuoneka kabokosi, fonti imene mwasankha ilibe chilembocho. Arial, Calibri ndi Segoe UI zili nacho. Kukopera mawu kuchokera mu Word kumabweretsanso zokongoletsa zobisika, ndiye adutsitseni mu Notepad kaye.

21. Fayilo ya PowerPoint ikakana kutseguka m'kati mwa pulogalamu, onani kaye ngati PowerPoint kapena LibreOffice ilimo mu laputopu, poti OpenLP imatsegulira mafayilowa kudzera mwa izo. Fayilo yochokera pa imelo kapena pa intaneti imatsekeredwa mu Protected View. Idineni ndi batani lakumanja, musankhe Properties, muchonge Unblock. Ngati mlaliki alibe zithunzi zoyenda m'masilaidi ake, njira yodalirika ndi kusunga fayiloyo ngati PDF kapena ngati zithunzi, n'kuonetsa zimenezo.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: sungani ntchito yanu

22. Zonse zikayenda, koperani nyimbo zanu pa fulashi. Mu OpenLP dinani Tools, Open Data Folder, mutseke pulogalamu, mukopere foda yonseyo. Za EasyWorship zimakhala mu C:\Users\Public\Documents\Softouch\EasyWorship, pokhapokha ngati wina anazisamutsa. Fulashiyo isungidwe kwa mlembi wa mpingo, osati m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Bwerezani mwezi uliwonse, komanso nthawi iliyonse laputopu isanapite kwa okonza.

Zimene ambiri amalakwitsa

Kulandira mafayilo Lamulungu m'mawa, kapena la Sabata m'mawa kwa amene amapemphera Loweruka. Gwirizanani ndi abusa ndi akulu a mpingo kuti vidiyo, zolengeza ndi masilaidi zizifika kutatsala tsiku lathunthu, ndipo alengeze okha kutsogolo kuti lamuloli likhale ndi mphamvu. Mnyamata wa pa laputopu sangakanize mkulu wa mpingo amene wamubweretsera fulashi pa 8 koloko.

Kusintha pulogalamu kapena Windows usiku woti mawa ndi mapemphero. Zatsopano ziikeni Lolemba kapena Lachiwiri kuti mukhale ndi masiku oyesera. Ku Windows Update kuli batani la Pause updates. Ligwiritseni ntchito kumapeto kwa sabata, koma musaiwale kulimasula pambuyo pake. Kumbukiraninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, choncho laputopu yotsalira pamenepo isamangoyendayenda pa intaneti ndi kulandira fulashi ya aliyense.

Kusiya mauthenga ndi kugona kwa sikirini zili zoyatsa. Uthenga wa munthu ukhoza kulira m'masipika pakati pa pemphero, kapena sikirini kuzima ulaliki uli m'kati. Yatsani Do not disturb, kapena Focus assist pa Windows 10, ndipo ku Power muike Never pa Screen ndi Sleep laputopu ikakhala pa chaja.

Kutsegula mafoda a pa fulashi amene asanduka ma shortcut. Imeneyo ndi vairasi. Musadine; zulani fulashiyo, mupemphe fayiloyo itumizidwe pa WhatsApp ngati Document, njira imene imasunganso vidiyo osaifinya.

Kuzimitsa pulojekita pa soketi. Ya babu imafuna kuti fani izungulire kaye mpaka babuyo izizire. Dinani Power pa rimoti, mudikire fani isiye. Magetsi akathima ndipo mukuyatsa jenereta, zulani pulojekita kaye, muibwezeretse jenereta itakhazikika.

Kusiya zonse m'mutu mwa munthu mmodzi. Tsiku limene wadwala kapena wapita ku maliro, mpingo umasowa pogwira. Lembani papepala ndondomeko yoyatsira: chingwe, pulojekita, Windows ndi P, Extend, sipika, kenako pulogalamu. Limateni m'kati mwa chivundikiro cha chikwama cha laputopu, ndipo anthu ena awiri aziyesera nanu Loweruka kapena Lachisanu madzulo pamene kwaya ikuphunzira nyimbo.